Kufiira kwa mowa si mphamvu yake

Achimwene, mwafunsa ngati mowa wa amber ale umene alamu anu akubweretserani kuchokera ku Lilongwe ndi waukali kuposa Green, poti ndi wofiirira komanso wotsekemera pang'ono. Mtundu usakunamizeni. Tembenuzani botolo muwerenge pomwe alemba ABV, nambala yosonyeza mphamvu ya mowa m'maperesenti. Ma amber ale ambiri amakhala pakati pa 4.5 ndi 6 peresenti, ndiye ena sasiyana kwenikweni ndi mowa womwe timamwa pa Kasungu boma pano.

Kufiirako kumachokera ku chimera. Amayi ophika thobwa amadziwa kuti cha mawere chimatulutsa mtundu wake, cha chimanga wakenso. Chimera cha mowa wa m'botolo ndi cha barele, ndipo pofulula amber ale amatengako china n'kuchikazinga mpaka shuga wake atapserera, monga amachitira shuga mukamuiwala pamoto. Shuga wina wotereyu yisiti satha kumudya, amatsalira. Kutsekemera mwakumvako ndi kumeneko. Kakuwawa komwe kamabwera mutameza kale ndi ka hops, timaluwa towawa timene amaika dala kuti mowa usakhale ngati Sobo.

Koma ngati mukuganiza kuti mphamvu imasintha kakomedwe, pamenepo simunalakwe. Ukali wa mowa umachokera ku shuga amene yisiti wadya, ndiye wofulula akafuna mowa wamphamvu amachulukitsa chimera. Mowa wotere umalemera m'kamwa, fungo lake limafika msanga m'mphuno, ndipo ukapitirira 7 kapena 8 peresenti mumayamba kumva kutentha pammero mpaka pachifuwa. Wopepuka ngati Kuche Kuche umangotsika ngati madzi, dzinalo sanangolipereka. Kachasu ndiye mapeto ake, moto wokhawokha, chimanga simuchimvanso.

Chitsanzo chabwino tili nacho pafupi: Chibuku. Paketi yatsopano imatsekemera ndipo siyiledzeretsa msanga. Isiyeni masiku angapo, yatupa, yawawasa, yalusa, chifukwa yisiti anali akugwirabe ntchito m'katimo. Mowa ndi womwewo, shuga wasanduka ukali, kakomedwe kasinthiratu. Wa m'botolo nthawi zambiri suchita zimenezi, mmene wachokera ku fakitale ndi mmenemo.

Ine ulendo woyamba ndinawononga. Unali Okutobala, dzuwa la kuno mukulidziwa, ndinaponya botolo la amber ale mufiriji mpaka linachita chipale, n'kumwera m'botolo momwemo. Ndinangomva kuzizira basi, ndipo ndinauza anzanga kuti ndalama yapita pachabe. Kuzizira kwambiri kumabisa fungo ndi kutsekemera kwa chimera. Ma lager ngati Green amafululidwa pozizira ndipo amakoma ozizira, pomwe ale amafululidwa pofundirako, safuna kuzizira kotero.

Ngati latsala botolo lina, litulutseni mufiriji lidikire mphindi 10, muthire mutambula, mununkhize kaye. Pambali pakhale kanyenya wa mbuzi wamchere pang'ono. Tsabola muchepetse, chifukwa mowa waukali ndi tsabola akakumana lilime limayaka kawiri.