Chimene chimathyola paipi pansi pa nyanja ndi kugwedera pang'onopang'ono

Achimwene, mwafunsa kuti paipi ya mafuta poti ndi yachitsulo, yokutidwa ndi konkire, ndipo yagona phee pansi pa nyanja, mainjiniya amavutikiranji kuyerekeza pa kompyuta mmene madzi akuyendera mozungulira paipiyo. Inenso ndinkaganiza choncho ndisanayambe kuwerenga za nkhaniyi. Koma pansi pa nyanja yamchere si podekha ayi. Madzi amayenda ndithu, ndipo m'malo osaya kwambiri mphamvu ya mafunde a mkuntho imafika mpaka pamchenga.

Kumbukirani mzati wa mlatho madzi akasefukira, mmene mchenga umakumbikira kutsinde kwake. Paipi nayonso zimaichitikira. Madzi akaipeza panjira amapanikizika, ena n'kuyamba kulowa kunsi kwake, kenako amaboola kampata. Akangoboola, amathamanga kwambiri pakampatapo ndipo amakokolola mchenga mpaka dzenje lakuya pafupifupi 0.6 ya kunenepa kwa paipiyo. Dzenjelo limatambalala motsatira paipi, ndiye mumapeza mamita makumi angapo a paipi ali lende, ongotsamira uku ndi uku. Pachingerezi amati free span, ndipo mavuto ambiri amayambira pamenepa.

Madzi akamadutsa pamwamba ndi pansi pa paipi yolendewera, kumbuyo kwake kumabadwa tiakamvuluvulu ta madzi, kena kuchoka pamwamba, kena pansi, mosinthanasinthana. Kalikonse kakamachoka kamakoka paipi pang'ono. N'chimodzimodzi ndi mawaya a magetsi amene amalira mphepo ikamawomba. Vincenc Strouhal anafufuza kulira kwa mawaya kotereku mu 1878, ndipo nambala yotchedwa ndi dzina lake, pafupifupi 0.2, ndi imene timawerengera nayo mpaka lero kuti tiakamvuluvulu tija tikubadwa kangati pa sekondi. Titenge paipi yonenepa mita imodzi, madzi akuyenda theka la mita pa sekondi. Ikokedwa m'mwamba ndi pansi kamodzi pa masekondi 10 aliwonse, kutanthauza ka 8,640 patsiku, kopitirira 3 miliyoni pachaka. Kukokedwa kobwerezabwereza kumeneku kukangoyendera limodzi ndi mmene paipiyo imagwedezekera payokha, kugwederako kumakula. Amene munapangapo galimoto za waya muli ana mukudziwa kuti waya sathyoka pomukoka, amathyoka pomupinda kawirikawiri pamalo amodzi. Paipi imatopa chimodzimodzi, makamaka powotcherera. Ku Cook Inlet ku Alaska, kumene madzi amathamanga kwambiri nyanja ikamadzaza ndi kuphwa, mapaipi angapo anathyoka motere m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970.

Tsono kompyuta imathandiza chifukwa masamu a kayendedwe ka madzi, a Navier ndi Stokes, sangasovedwe ndi cholembera pa nkhani ngati imeneyi. Injiniya amajambula paipi ndi mchenga, n'kugawa madzi onse ozungulira m'timabokosi tambirimbiri, nthawi zina mamiliyoni, tating'ono kwambiri pafupi ndi chitsulo, tokulirapo patali. Kompyuta imawerengera liwiro ndi kupanikizika kwa madzi m'kabokosi kalikonse, n'kusuntha nthawi pang'ono, n'kuwerengeranso. Ambiri amagwiritsa ntchito pulogalamu ya ANSYS Fluent, yomwe ndi yogula, kapena OpenFOAM, yomwe ndi yaulere. Ophunzira amene mukuwerenga izi, OpenFOAM mutha kuyiyika pa laputopu n'kuyesa paipi imodzi yojambulidwa monga imaonekera mukaidula mopingasa, kungoti pamafunika kuleza mtima. Mukatero mudzadzionera nokha chinthu chosangalatsa: mpata wa pakati pa paipi ndi mchenga ukachepera pafupifupi 0.3 ya kunenepa kwa paipi, tiakamvuluvulu tija timasiya kubadwa mwadongosolo.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi Ormen Lange, kunyanja ya Norway. Kumeneko amapopa gasi osati mafuta, koma vuto ndi lomweli. Mapaipi ake amachoka pakuya kopitirira mamita 800 kupita ku Nyhamna, mtunda wa makilomita pafupifupi 120, ndipo amakwera phompho la Storegga, pamene nthaka ya pansi pa nyanja inagumuka zaka pafupifupi 8,000 zapitazo n'kusiya zigwa ndi miyala yokhayokha. Paipi singagone bwinobwino pamalo otere. Asanayambe kupopa mu 2007, anayenera kudziwa kuti pati paipi ingalendewere popanda vuto, pati pofunika kukumba, pati pofunika kuthira miyala. Sitima yothira miyala pakuya chonchi ndi yodula koopsa, ndiye kuwerengera bwino kumapulumutsa ndalama zenizeni.

Koma apa ndikuchenjezeni. Chithunzi cha kompyuta chimakongola, mitundu yofiira ndi yabuluu mbee, ndipo munthu umakopeka n'kuyesa kuti ndi zoona. Madzi ovunduka ndi ovuta, moti mapulogalamuwa amangoyerekeza timayendedwe ting'onoting'ono m'malo motiwerengera tonse. Timabokosi tikakula kwambiri pafupi ndi chitsulo, yankho limasokonekera koma chithunzi chimatulukabe chokongola. Mchenga ndiye wovuta kuposa madzi. N'chifukwa chake zotsatira amaziyesa ndi paipi yeniyeni m'thanki, monga O-tube ya ku University of Western Australia ku Perth, kumene amathamangitsa madzi pamwamba pa mchenga ngati nthawi ya mkuntho. Ndipo pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ambiri amayamba ndi malangizo a bungwe la DNV la ku Norway, RP-F105 pa paipi zolendewera ndi RP-F109 pa kukhazikika kwa paipi pansi. Kompyuta yaikulu amaiyatsa pamene malangizowo sakukwanira, mwachitsanzo mapaipi awiri akagona moyandikana kapena paipi ikadutsa mu ngalande.

Nthawi zinanso kukumbika kuja kumathandiza. Paipi imatha kulendewera mpaka kukhudza pansi pa dzenje, mchenga n'kubwerera n'kuikwirira yokha. Injiniya akatsimikiza kuti pamalo ena zidzatero msanga chitsulo chisanatope, sathirapo miyala, amangotumiza kamera chaka ndi chaka kukaona ngati yakwiririkadi.