Makina ndi omwewo, nanga bwanji khungu langa linapsa?

Funso: Adokotala, ndine mayi wa zaka 46 ndipo ndinalandira chithandizo chowotcha khansa ya m'mawere ndi makina. Pa sabata yachitatu khungu la kunsi kwa bere linada, kenako linasupuka n'kumachucha madzi, moti bulauzi ndinaisiya, ndinkangofunda chitenje chofewa. Koma mnzanga amene tinkakhala naye pa benchi imodzi podikira anamaliza khungu lake lili see. Kodi ine anandiwonjezera moto, kapena vuto lili m'magazi a kwathu? Ndikufunsa chifukwa mng'ono wanga nayenso amupeza ndi khansa yomweyi. Mayi wa ku Ntcheu.

Yankho: Pepani mayi chifukwa cha ululu umenewo. Kupsa kwa khungu pakokha si umboni wakuti anakuwonjezerani mlingo, pakuti anthu awiri olandira mlingo wofanana amatha kutuluka mosiyana kotheratu.

Cheza cha makinawo chimadula DNA (ulusi wosunga malangizo a chibadwa) ya m'maselo a khansa kuti asachulukane, koma chimadutsanso m'maselo abwino, ndipo amenewa amayenera kudzisoka okha. Luso lodzisokalo timabadwa nalo, ndipo limalamulidwa ndi majini. Apa sindikunena majini a kwa asing'anga ayi, koma malangizo a chibadwa amene timatengera kwa makolo. Umboni woonekeratu ndi matenda osowa otchedwa ataxia-telangiectasia, omwe amachititsa mwana kuyenda dzandidzandi. Mwana wotere amatengera jini ya ATM yowonongeka kwa bambo ndi kwa mayi omwe, ndipo akawotchedwa pa mlingo wa masiku onse amavulala koopsa. Jiniyi anaipeza mu 1995 akatswiri otsogoleredwa ndi Yosef Shiloh ku Tel Aviv, m'dziko la Israeli.

Komabe anthu otere ndi ochepa kwambiri. Kwa ambirife, kusiyanako kumachokera ku tizosintha ting'onoting'ono tambirimbiri tomwazikana mu DNA, kalikonse kongowonjezera chiopsezo pang'ono chabe. N'chifukwa chake ntchito yofufuza majini okhudza kupsaku yavuta. Poyamba ambiri ankaloza jini ya TGFB1 kuti ndiyo imaumitsa khungu ndi minofu pakapita zaka, koma kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa RAPPER atayesa odwala ochuluka, sanapeze umboni wotsimikizira zimenezo. Mu 2009 akatswiri anakhazikitsa bungwe la Radiogenomics Consortium kuti aziphatikiza zimene apeza, ndipo kafukufuku wina, REQUITE, anatsatira odwala oposa 4,000 a khansa ya m'mawere, ya m'mapapo ndi ya prostate (kachiwalo ka abambo kamene kali kunsi kwa chikhodzodzo) ku Ulaya ndi ku America. Ngakhale zili choncho, kuyeza magazi kouza munthu pasadakhale kuti khungu lake lidzapsa sikunafike pogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku m'zipatala. Chondidandaulitsa ine n'chakuti odwala ambiri m'kafukufukuyu ndi azungu, pamene anthu a mu Africa ndi amene chibadwa chawo chimasiyanasiyana kuposa a kwina kulikonse, choncho muyeso wokonzedwa kumeneko sungangotengedwa n'kuikidwa pa mayi wa ku Ntcheu.

Musaiwalenso zifukwa zooneka ndi maso. Kunsi kwa bere, makamaka lalikulu, khungu limakhuzana ndipo limasunga thukuta, n'chifukwa chake malo amenewo ndi amene amayamba kusupuka. Kusuta fodya, matenda a shuga ndi mankhwala ena a khansa olandira nthawi imodzi ndi kuwotchako zimakulitsanso vutoli.

Za mng'ono wanu, musamuopseze. Ngakhale m'mabanja okhala ndi majini a BRCA1 kapena BRCA2, amene amabweretsa khansa ya m'mawere pachibale, kafukufuku sanaonetse kuti odwala amapsa kuposa anzawo. Iye akawafotokozere madokotala zimene zinakuchitikirani asanayambe, azisamba pamalopo ndi madzi ofunda pang'ono popanda kukhula, azivala nsalu yathonje yosathina, asapakepo zitsamba kapena mafuta amene sanauzidwe, ndipo akaona khungu likuyamba kunyowa awaonetse anamwino tsiku lomwelo.