Asisi, lonjezolo ndi loona koma samalani ndi wokupatsani deti

Asisi mwalemba mugulupu muno kuti banja lanu linabalalika ndi namondwe Freddy, ndipo mukufunsa ngati lonjezo la Mulungu losonkhanitsa obalalika ndi la Aisiraeli okha kapena ndi lathunso. Ndaona anthu akungokuponyerani ma Amen pansipa koma palibe amene wakufunsani kuti mneneri amene wakuuzani kuti amuna anu abwera kuchoka ku Joni ndipo ana achoka kwa achibale Khirisimasi isanakwaneyo wapempha zingati. Ine ndikufunsani, wapempha zingati? Chifukwa ndikudziwa kuti wapempha, ngati sanapemphe dikirani Lamulungu likubwerali.

Ife a ku Makhanga zobalalikazi tinaziyamba kale Freddy asanabwere. January 2015 mtsinje wa Ruo utasiya njira yake nkudzera m'midzi unali usiku, ine ndinadzidzimuka ndi ng'ombe za aneba zikuphwanya khola, ndikuti ndiyime madzi ali m'mawondo m'nyumba momwemo, mphasa ikuyandama mwana ali pomwepo. Sindinatenge kanthu, ngakhale chiphaso chakuchipatala. Tinathamangira pamtengo wa mango, ine, amayi, mwana ndi mlongo wanga wamng'ono, iyeyo ndi amene anawakankha amayi kumbuyo kuti akwere chifukwa miyendo inali itawakana. Tili m'mwamba muja akuti alongo mbuzi zija ndazisiya pachingwe zifa, ndikamasule ndibwera pompano. Amayi anamukalipira, ine ndinamugwira malaya, anangondichotsa dzanja nkutsika. Anali ndi kafoni ka tochi mkamwa kuti manja azigwira bwino, ndiye ife timangoona kakuwala kaja kakupita kakupita, kanafika pamene panali nkhokwe kenako kanazima. Basi. Tinakuwa dzina lake mpaka mawu kutha, madzi amasokosera moti ngakhale akanayankha sitikanamva.

Mwana ndinamumangirira kunthambi ndi chitenje kuti ndikawodzera asagwe. Linthumbu nalo linathawira mumtengo momwemo, likutiluma m'khosi, m'khwapa, koma sungachotse dzanja kuti udzikande. Kutacha tinaona njoka yadzikulunga panthambi ya pamwamba pa mutu wa amayi ndipo palibe anayankhula, nayo sinasunthe. Pansi pamadutsa madenga athunthu nkhuku zili pamwamba, ng'ombe miyendo m'mwamba, ndi zina zimene sindingalembe mugulupu muno. Amayi maso anali pankhokwe paja basi.

Asilikali atabwera ndi boti sanafunse kuti ndani ndi wa ndani, amangonyamula. Ine ndi mwana tinakathera kukampu ku Bangula, amayi anawapititsa kwina ndi okalamba anzawo, abambo a kunyumba usiku umenewo anagona kudimba ndipo madzi anawaponya tsidya la ku Mozambique, tinabalalika ngati anapiye oona kabawi. Mafoni onse anapita ndi madzi, manambala m'mutu mulibe. Ndiye mukamati mtima ukuwawa poti banja lili pano ndi apo ndikukumvani asisi, sindikunena zowerenga.

Titapezana ndi amayi ndi pamene anatulukira bambo wina wodzitcha mneneri. Suti yoyera, nsapato zowala pakampu pamene aliyense matope anali m'akakolo. Anatsegula Yesaya 43 ndipo amawerenga bwino zedi, paja pakuti ukadzawoloka pamadzi ndidzakhala nawe, ndi paja pakuti ndidzatenga ana ako kum'mawa ndi kukusonkhanitsa kuchokera kumadzulo, azimayi onse misozi. Kenako anawaloza amayi, akuti mayi inu mwana wanu ali moyo, ndikumuona tsidya la Ruo akusungidwa ndi msodzi koma mizimu yam'madzi yamumanga, bzalani mbewu Pasaka isanakwane alowa pakhomo. Amayi anagulitsa mabulangete a chithandizo, ndowa, ufa umene timayenera kudya, mpaka anakakongola kwa munthu wa katapila. Pasaka inakwana, bambo uja nambala yosapezeka, tinamva kuti ali kukampu ina cha ku Chikwawa akuwerenga vesi lomwelo. Ndalamazo sindidandaula nazo kwenikweni. Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero nchakuti amayi anakana kuti tikhale maliro a mwana wawo, akuti munthu wa Mulungu anamuona, ndiye tsiku ndi tsiku amapita padoko kukayang'ana nkhope za otsika m'mabwato mpaka anamwalira akudikira. Munthu ameneyo ndikadzakumana naye sindikudziwa kuti chikhristu changa chidzagwira ntchito.

Nawonso amalume, mlongo wawo wa amayi weniweni, ife tili kukampu anagulitsa dimba lathu kwa munthu wa bizinesi, titabwera akuti ndimayesa mwatha nonse. Mwatha nonse! Osabwera nkomwe kudzationa ngati tathadi. Mlandu unakafika kwa amfumu, tinabwezeredwa theka lokha, ndipo pamaliro a amayi analira kuposa tonse.

Tsono zoti kodi lonjezolo ndi la Aisiraeli okha kapena ndi lathunso. Ine ndimati ndi lathunso, pa Yohane 11:52 akunena kuti Yesu anafera kuti asonkhanitse pamodzi ana a Mulungu obalalika, sanatchule mtundu umodzi. Koma werengani Yeremiya 28 ndi 29 yense osati vesi 29:11 lokha lija timalemba pa makalendala. Nebukadinezara atatenga gulu loyamba kupita nalo ku Babulo mu 597 Yesu asanabadwe, kunali mneneri wina Hananiya amene amauza anthu kuti zaka ziwiri zokha onse abwerera, mpaka anathyola goli limene Yeremiya anavala m'khosi anthu akuona. Anthu anamukonda, ndani sangakonde uthenga wotero. Chaka chomwecho anamwalira ndipo palibe anabwerera. Yeremiya anawalembera kalata a ku Babulowo kuti mangani nyumba, limani minda mudye zipatso zake, kwatirani, kwatitsani ana anu, mupempherere mzinda umene mulimowo, chifukwa zaka zake ndi 70. Tangoganizani munthu wa zaka 40 akumva kalata imeneyo, anadziwiratu kuti Yerusalemu adzamuona ndi adzukulu. Mfumu Koresi anawalola kubwerera mu 538, Ezara akuti anabwerera 42,360, ena ambiri anatsala konko poti anali atakhazikika. Ndipo poyika maziko a kachisi okalamba amene anaona kachisi woyamba amalira mokweza achinyamata akufuula mokondwa, moti munthu sumatha kusiyanitsa kulira ndi chimwemwe. Mavesi amenewo aneneri a masuti oyera sawerenga.

Komanso ife a kuchigwa kuno sitifunika kupita ku Babulo kuti timvetse. Akuluakulu mugulupu muno akukumbuka anthu a ku Mozambique mmene anadzadzira ku Nsanje kuyambira cha mu 1986 nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itavuta, ku Mankhokwe kunali ngati tauni, dziko lonse la Malawi linasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Agogo anga anasunga banja lina la ku Mutarara kuseri kwa nyumba, amayankhulana Chisena chomwechi. Mtendere unasainidwa ku Rome mu October 1992 ndipo anthu anabwereradi kwawo, malole ndi mabasi kumangonyamula. Koma ena anasiya manda kuno, ena anakwatiwa kuno ndipo ana awo ndi amene tikumwa nawo madzi pamjigo lero. Mulungu anawasonkhanitsa inde, koma si onse ndipo si pa deti imene wina analosera.

Ife abambo a kunyumba anabwera okha wapansi, ataonda, atavala malaya opatsidwa, anatipeza pofunsafunsa m'makampu, palibe amene tinamulipira. Mlongo wanga sanapezeke, ngakhale fupa.

Ndiye asisi musapereke ngakhale 500 kwacha. Ndalama imeneyo gulani ma unitsi muyimbire amuna anu muwafunse bwinobwino ngati ali ndi mapepala ndi ngati akusunga ya basi, chifukwa kubwera kuchoka ku Joni kumafuna tikiti. Ana asasiye sukulu kumene aliko, musawakoke pakati pa teremu chifukwa choti mwawasowa, ndipo muziwatumizirako achibalewo kangachepe, mwana wosungidwa amaoneredwa pa sopo. Ngati pali wina amene simukudziwa kumene ali kuyambira Freddy pitani ku Red Cross, ali ndi ntchito yofufuza achibale otayana ndipo salipiritsa. Malo amene anakupatsani kumtundawo mangani, ngakhale ya zidina, bzalani mitengo, chitani zimene Yeremiya ananena, musakhale mutamanga katundu kudikira kubwerera.

Koma dimba lanu kumunsi musalisiye ayi, madzi akangophwera pitani mukabzale chimanga ndi mbatata anthu akuoneni kuti mulipo, ndipo amfumu akulembereni kalata ya malowo pali mboni, achibale ndi amene amagulitsa. Ine kunena zoona kumtunda ndinakhalako pang'ono ndinalephera, nthaka yake miyala yokhayokha, madzi kutali, nsomba kugula, ndinabwerera ku Makhanga komweko ndipo anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 onse anandipeza konko, tsopano mvula ikangochita mdima ku Mulanje ndi ku Thyolo timasamukiratu zikalata zili mu jumbo. Aboma amatinena kuti ndife osamva, mwina akunena zoona, koma inu musatengere ine, muli ndi ana ang'onoang'ono. Vesi lija la Yesaya 43 pitirizani kuwerenga, ine linanditengera zaka kuti ndilimvenso osapsa mtima koma pano ndimaliwerenga. Ndipo mneneri wanuyo ngati ndi wamtali, wa suti yoyera, woyamba ndi Yesaya 43, ndilembereni ku inbox mundiuze kumene akupempheretsa masiku ano.