Poyambira kafukufuku wa mbalame

Achemwali, mwafunsa kuti poti digiri ya Biology mwamaliza ndipo mtima uli pa mbalame, muthamangire Masters kapena musake ndalama za kafukufuku wanuwanu. Kwa ine zonsezo zidikire kaye. Pezani kafukufuku amene akuchitika kale, mudziphatike kwa eni ake ngakhale mongodzipereka, mudziwe ntchito ya kutchire.

Ndikutero chifukwa zambiri za mbalame zimaoneka patapita zaka. Ku Wytham Woods, pafupi ndi Oxford ku England, akhala akutsata zisa za kambalame kotchedwa great tit kuyambira 1947, ndipo kaundula wautaliyo ndi amene anaonetsa kuti timbalameti tayamba kuikira mazira msanga pamene nyengo ikunka ikutentha. Mukalowa m'gulu lotere, ngakhale miyezi yochepa imene mwagwira imakhala ndi phindu.

Kutchireko khutu lidzakuthandizani kuposa diso. M'nkhalango yowirira mbalame zambiri simudzaziona, mudzangozimva, choncho muzimvera kulira kwake pa Xeno-canto, tsamba la pa intaneti losungira kulira kwa mbalame, mpaka kukulowerereni. Powerengera kuchuluka kwa mbalame, muziima pamalo omwewo, m'mamawa nthawi yomweyo, kwa mphindi zofanana. Tsiku limene mbalame yanuyo sinaoneke, lembani ndithu kuti sinaoneke. Ambiri amadumpha pamenepa, ndipo pambuyo pake sangathe kusonyeza ngati mbalamezo zikuchepadi. Zomwe mwaona muziikanso pa eBird, kaundula wa mbalame wa pa intaneti yemwe mabungwe a Cornell Lab of Ornithology ndi Audubon anayambitsa mu 2002.

Za kugwira mbalame ndi ukonde n'kuziveka mphete, chonde musayesere nokha. Pamafunika chilolezo komanso kuphunzira pansi pa munthu wodziwa, chifukwa kambalame kakakhalitsa mu ukonde padzuwa kapena pozizira kamafa. Pulogalamu ya pakompyuta ya R, yosanthulira ziwerengero za kafukufuku, yambani kuiphunzira panopa.

Mukatero funso lanu lidzabadwira kutchire komweko, ndipo likhale laling'ono: mtundu umodzi, malo amodzi, vuto limodzi. Pamenepo lemberani ku Rufford Foundation, African Bird Club kapena Conservation Leadership Programme, omwe amathandiza ofufuza oyamba kumene. Za Masters yang'anani APLORI, malo a kafukufuku wa mbalame ku Jos, Nigeria, kapena FitzPatrick Institute ku University of Cape Town. Konseko adzafuna kalata yokuchitirani umboni, ndipo wolemba wabwino ndi uja anakuonani mukugwira ntchito mbandakucha.