Msuweni, za akatswiri a masamu zija

Eee, msuweni, funso lako ndaliona pagulupa. Akuti, "kodi anthu ozama pa masamu amakhala ndi moyo wina kupatula manambala?" Hehe. Iweyo? Iwe amene unkadwala mutu tsiku lililonse la mayeso a masamu, lero ukufufuza za akatswiri? Dikira ndikhale pansi kaye.

Chabwino. Moyo ali nawo. Pali bambo wina, Manjul Bhargava, amaphunzitsa pa yunivesite ya Princeton ku America. Mu 2014 analandira Fields Medal, mendulo ija amapereka kamodzi pa zaka zinayi kwa akatswiri osafika zaka 40. Munthu ameneyu amaimba tabla, ting'oma tiwiri ta ku India toimba ndi zala, ndipo osati zongogogoda ayi, anachita kukaphunzira kwa Zakir Hussain, katswiri wotchuka wa tabla. Chaka chomwecho anailandiranso Maryam Mirzakhani wa ku Iran, mayi woyamba kuipata. Iyeyu ali mwana ankalota zodzalemba mabuku ankhani. Nanga June Huh? Ameneyo anachita kusiya sekondale kuti azikalemba ndakatulo, mendulo n'kudzaitenga mu 2022. Ayi, ayi, zosiya sukuluzo usakamuuze mwana, ndakuletsa.

Koma... ukuwakumbukira amalume? Osati a njinga yamoto, enawo, a choko m'thumba la malaya. Eya, amenewo. Zaka zonse zija akuphunzitsa masamu, madzulo asanakhudze makope a ana ankayamba atulutsa gitala. Gitala yake iti! Nsambo zinatsala zinayi... ayi, zitatu, yachinayiyo inali waya wa buleki ya njinga. Nyimbo yake imodzi yomweyo, chaka ndi chaka, ndipo akangoiyamba galu uja ankathawira kuseri n'kumakalira. Iwe unkaseka mpaka kugubuduka, usakane.

Ndiye anti anatopa nazo. Anangoitenga gitala n'kukaibisa kudenga. Amalume, ukuwadziwa, sanafunse munthu. Ankangokhala patebulo, pensulo atapanika kukhutu, zala zikuyenda m'mphepete mwa tebulo ngati pali nsambo. Makope anayamba kuunjikana. Samu ina yovuta imene mnzawo wa kuntchito anawapatsa inakhala pansi pa kapu mpaka pepala linachita dothi. Munthu wosakalipa uja anayamba kutikalipira ife chifukwa chotseka chitseko mwamphamvu. Pamapeto pake anti anakwera okha pampando, kuitsitsa, kuipukuta ndi nsanza, n'kuisiya pakhomo la chipinda osanena kanthu. Usiku womwewo galu analiranso. Kutacha, makope onse ochonga, samu ija yatheka. Ndinadzawafunsa nditakula, anangoti mutu ukakana, iwo amaupatsa zala kuti ziusunge kaye. Amalume ndi zoyankha zawo.

Aaa, ndinali pati? Eya. Msuweni, tisazungulire. Ndamva kuti wamulanda gitala mnyamata wako. Sindinena wandiuza ndani, koma ali pagulu pompano ndipo akumva, hehe. Ndikudziwa masamu atsika teremu ino ndipo mtima wakupweteka, poti mwanayu ndiye ankabwera ndi mamalikisi okoma. Koma kamubwezere. Gitala siimene yamudyera masamu. Mwana wakhoza bwino zaka zonsezi akuimba yomweyo, iyambe kumuwononga lero? Pali mutu umene wamuvuta m'kalasi, mwina pamene zilembo zayamba kulowa m'malo mwa manambala, ndi pamene ambiri amasokonekera. Tsegula kope lake uone tsamba limene zizindikiro zofiira zayambira. Ukalephera, ndipo ulephera, ndikukudziwa, unditumizire zithunzi.

Muikire nthawi ngati ukufuna, amalize homuweki kenako aimbe, zimenezo ndi zako monga kholo. Koma kuitsekera m'wadirobu ayi. Mubwezere gitala mwanayo.

Mirzakhani uja ankayala chipepala chachikulu pansi n'kumajambulajambula atagwada, mwana wake n'kumati amayi akupenta. Ukanalowa iwe bwenzi utamulanda pensulo.

Ndatalikitsa, batire ikutha. Loweruka ndimuimbira foni mnyamatayo ndipo ndikufuna andiimbire kanyimbo, ndiye itulutse lero lomwe. Anti akamva uthengawu, ndati moni, ndipo za kudenga zija sindinanene ndine.