Kodi tsamba limagawa madzi, limaswa kapena limaphwasula?

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi kusekondale, ndipo ana akasokonezeka ndimabwerezanso m'Chichewa. Pa phunziro la photosynthesis, njira imene zomera zimapangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, ndimati "tsamba limagawa madzi", koma mnzanga akuti ndiziti "limaswa madzi". Akulondola ndani?

Yankho: Aphunzitsi, "kugawa" ndiye mukusiyiretu. Mayi akagawa madzi a mumtsuko m'makapu, m'kapu iliyonse mumakhalabe madzi, kungoti achepa. Mwana akamva "kugawa" amaona zimenezi. M'tsamba sizitero ayi. Molekyulu ya madzi ili ndi maatomu awiri a haidirojeni ndi atomu imodzi ya okosijeni, ndipo zikalekana palibenso madzi.

Mnzanuyo wayandikira. Komabe timaswa dzira, mbale kapena mtedza, kamodzi n'kamodzi, phwa! Ine ndimakonda "kuphwasula". Taonani wokonza njinga pamsika: wamasula gudumu, wachotsa tcheni, chishalo wachiika pambali. Njinga palibenso, koma chitsulo chilichonse chili ndi kopita. Madzinso amaphwasulidwa motero, pang'onopang'ono.

Mkati mwa makoloroplasiti, tizigawo tobiriwira ta m'maselo a tsamba, muli gulu la mapuloteni lotchedwa Photosystem II. Kuwala kukagunda kolorofili ya mmenemo, chinthu chobiriwira chimene chimagwira kuwala, elekitironi imodzi, kanthu kakang'ono ka kunja kwa atomu, imathothoka. Kolorofiliyo imakabweza elekitironi yake polanda kwa kagulu ka maatomu anayi a manganizi ndi imodzi ya kashiamu, kamene kagwirizira mamolekyulu awiri a madzi. Kagulu kameneka kamapirira kulandidwa kanayi. Kachinayi m'pamene nako kamalanda maelekitironi anayi kwa madzi aja, maatomu awiri a okosijeni n'kugwirana n'kutuluka ngati mpweya. Mapulotoni anayi, amene ndi maatomu a haidirojeni olandidwa maelekitironi, amatayidwa m'njira yonseyi, ndipo amathandiza kupanga ATP, molekyulu yonyamula mphamvu m'selo. Mu 1969 wasayansi wina, Pierre Joliot, anawalitsira tizomera ta m'madzi kuwala kothwanima, napeza kuti okosijeni amachuluka pa kuthwanima kwachitatu, kenako pa kwachinayi kulikonse. Wasayansi winanso, Bessel Kok, anafotokoza masitepe amenewa mu 1970.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi chiganizo chimene ndimachimva kawirikawiri, chakuti "dzuwa limaswa madzi". Dzuwa likanatero, ndowa yosiyidwa pabwalo masana a mu Okutobala bwenzi ikutulutsa okosijeni. Madzi a mundowamo amangouma, ndipo nthunzi yake ndi madzi omwewo. Muziti: "Tsamba limaphwasula madzi ndi mphamvu ya dzuwa." Mwinintchito ndi tsamba, dzuwa likhale kumbuyo kwa "ndi".

Pali kena kamene simunafunse koma kamandipweteka mtima. Ambiri amati zomera "zimasandutsa mpweya woipa kukhala wabwino". Mneni "kusandutsa" akunama pamenepa. Okosijeni amene tsamba limatulutsa amachokera m'madzi, osati mu kaboni dayokisaidi, mpweya woipa uja. Samuel Ruben, Martin Kamen ndi anzawo anaonetsa zimenezi mu 1941 pogwiritsa ntchito madzi okhala ndi okosijeni wolemera, wotchedwa okosijeni-18. Kaboni dayokisaidi amakalowa kopangira shuga, komwe amakumana ndi maelekitironi aja ochokera m'madzi.

Pa kalembedwe, chulukitsani mawu obwereka monga botolo ndi mabotolo: molekyulu imodzi, mamolekyulu awiri, atomu imodzi, maatomu anayi, elekitironi imodzi, maelekitironi anayi. Ana anu akalemba "mamolekyulu ziwiri", akonzereni kuti "awiri".