Kalata yokuuzani kuti mutuluke mu yuniyoni: ikuchokera kuti?

Achemwali ena amene amagwira ntchito pa sukulu ya boma m'dera la Washington ku America andilembera imelo. Akuti alandira kalata yonyezimira yowauza kuti atha kutuluka mu yuniyoni (bungwe loimira ogwira ntchito), ndalama zimene amadulidwa pa malipiro zizilowa m'thumba mwawo. Akufunsa ngati zili zoona, komanso ngati kuli bwino atuluke, popeza ali ndi ana akusukulu kumudzi amene akuyang'ana kwa iwo.

Achemwali, kalatayo sikunama. Pa 27 June 2018 khoti lalikulu la ku America linagamula mlandu wa Mark Janus, wogwira ntchito m'boma la Illinois, yemwe ankakana kupereka ndalama ku yuniyoni ya AFSCME. Oweruza asanu anagwirizana naye, anayi anatsutsa. Chigamulocho chinafafaniza china cha 1977 chomwe chinkalola kuti ngakhale amene si membala azidulidwako kangachepe, poti naye amapindula ndi zokambirana za malipiro. Kuyambira pamenepo wogwira ntchito m'boma sangadulidwe kalikonse asanavomere yekha.

Koma tafunsani: ndani akulipira sitampa? Kwanuko makalata otere amatumizidwa kwambiri ndi bungwe la Freedom Foundation la ku Olympia, likulu la dera lanulo la Washington, lomwe kampeni yake limaitcha Opt Out Today. Mayina a antchito limawapempha kuboma kudzera m'malamulo opatsa anthu ufulu woona zikalata za boma, ndipo nthawi zina anthu ake amafika mpaka pakhomo. Bungweli silibisa kuti likufuna kuchepetsa mphamvu za mayuniyoni a m'boma, makamaka pa ndale. Mukatuluka, tsiku limene abwana adzakuitanireni ku ofesi pa mlandu, wolemba kalata uja simudzamuona pampando wa pambali panu.

Apa m'pamene pagona nkhani. Lamulo limakakamiza yuniyoni kuimira aliyense amene ali pansi pa mgwirizano wake ndi boma, membala kapena ayi. Choncho mukatuluka, malipiro anu satsika mawa lino. Chimene mumataya ndi voti: simuvotanso pa mgwirizano watsopano, simusankhanso atsogoleri. Ndipo anthu ambiri akaganiza zokolola pamene sanalime, amene amapita kukakambirana amapita manja ali lende. Ku Wisconsin, dera lina la ku America komweko, lamulo la Act 10 la bwanamkubwa Scott Walker litachotsa mphamvu zambiri zokambirana mu 2011, mamembala anachepa kwambiri, mayuniyoni a aphunzitsi n'kufooka.

Sindikunena kuti yuniyoni ndi yoyera. Pali atsogoleri ena amene amaoneka nthawi ya chisankho yokha, ndipo ngati ndale zimene yuniyoni yanu imathandiza zikukupwetekani mumtima, chimenecho n'chifukwa chomveka. Dola iliyonse imene mumadulidwa ndi ya thukuta, ndikudziwa mmene imalemerera ikasinthidwa kukhala makwacha.

Ine ndikanakhala inu sindikanatuluka. Makamaka ife obwera, amene katchulidwe kathu ka Chingerezi ena amakapeputsa, timafunika munthu wodziwa malamulo a pantchito woima nafe.

Musanasaine chilichonse, pezani khadi limene munasaina polowa. Ena mwa makhadi amenewa amanena kuti kudula kumaimitsidwa pa masiku ochepa okha pa chaka, ndiye mutha kutuluka koma n'kumadulidwabe. Kenako pitani kwa woimira yuniyoni wa pasukulu panupo, mumufunse maso ndi maso zimene ndalama zanu zagwira chaka chino.